Bokosi la Pansi pa Tebulo

Kiyibodi inandidutsa pafupi ndi khutu n'kukaphulika pakhoma. Timabatani take tinamwazika pansi ponse, kamodzi n'kugwera m'kapu yanga ya tiyi. Mwana wanga anavula mahedifoni, anakankha mpando mpaka kugwa chagada, n'kutuluka pabalaza osandiyang'ana n'komwe.

"Wayatsa chiyani?" ndinamumva akufunsa pakhonde.

"Palibe chimene ndayatsa, bambo," anayankha mkazi wake.

Bondo langa ndi lovuta, choncho pofika ine pakhondepo mbama yoyamba inali italira kale. Mpongozi wangayo ankaluka anthu tsitsi pakhonde pomwepo, ndipo tsikulo anali ndi kasitomala, mayi wina wonenepa, mutu utalukidwa mbali imodzi yokha. Mwana wanga anatola chowumitsira tsitsi chimene chinali pampando, nthambo yake ili chikulungire, n'kuchimenyetsa pachipilala mpaka chinagawika pawiri. Kenako anamugwira mkazi wake pakolala ya diresi n'kumukankhira pazenera. Mutu unagunda chitsulo cha zeneralo, phokoso lake ngati munthu wagwetsa poto wopanda kanthu.

Kasitomala uja anatola nsapato zake n'kuthawa nazo m'manja, meshi ikulendewera kumsana.

"Musiye," ndinatero.

"Amayi, izi sizikukukhudzani."

"Ndati musiye. Chowumitsiracho sichinali n'komwe kumagetsi, ndachiona ndi maso angawa."

"Ndiye kompyuta yangozima yokha? Ili ndi manja?"

Anamusiya, koma osati chifukwa cha mawu anga. Foni yake inalira m'thumba, ndipo atayankha ndinamva mwamuna wina akuseka: "A Liwiro, mwatithawanso? Ife kuno atimaliza tonse atatu, inu mwabisala kuseri kwa siketi ya alamu athu." Mwana wanga anadula foniyo, nsagwada zili gwa, n'kulowa kubafa n'kumenyetsa chitseko.

Ndifotokoze mwachidule, sindikonda kuzungulira. Mwana wangayo ali ndi zaka makumi anayi, nthawi imeneyo ankalondera nyumba yosungiramo katundu. Ankaweruka m'mawa, kugona mpaka masana, kudya, n'kukhala pa kompyuta kufikira nthawi yobwerera kuntchito. Ankasewera zankhondo ndi anzake atatu a kuntchito, aliyense ali kwawo, anayiwo gulu limodzi, kuwomberana ndi anthu amene sanawaonepo nkhope. Kwa miyezi iwiri kompyuta yake inkazima nkhondo ili pakati. Sikirini bii, mafani zii, ngati munthu wazula pulagi. Iye akazimiriridwa, anzake aja ankatsala atatu n'kuphedwa, n'chifukwa chake anamupatsa dzina loti Liwiro. Ine ndinabwera kudzakhala nawo milungu itatu chifukwa chipatala cha bondo langa chili kufupi ndi kwawo. Limeneli linali tsiku langa lachinayi m'nyumbamo.

Ndinamulowetsa mpongozi wanga kukhitchini, ndinakulunga madzi oundana m'kansalu n'kumuika pachipumi. Chotupa chinali chitafika kale ngati dzira.

"Gwira apa. Zinayamba liti zimenezi?"

"Kuzimako kwatha miyezi iwiri, amayi."

"Ndikufunsa zinazi."

"Zinazo n'zakale. Kompyuta isanabwere inali wailesi. Wailesi isanabwere unali mchere."

Ananena osalira, ngati akundiuza kuti kunja kuli mitambo. Ndinamva. Musaganize kuti sindinamve. Koma ine ndinagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale yosoka mayunifolomu, khumi zomalizazo ndili kapitawo wa mzere wa makina makumi anayi. Makina akavuta ndimadziwa pogwira. Mwana wanga sindinkadziwa pogwira. Ndiye ndinasankha chimene ndinkachidziwa. Ndinadziuza kuti chinthuchi chikasiya kuzima m'nyumba muno mukhala bata, zinazo tidzakamba mitima itakhala pansi.

"Anapitako nayo kwa amisiri?"

"Kawiri. Amati ilibe vuto."

"Mawa akagona tipita nayo ife."

"Akadziwa andipha, amayi."

"Mwini nkhani ndine. Ayambe wapha ine."

M'mawa mwake, iye atayamba kuliza mkonono, mpongozi wanga anakwawira pansi pa tebulo n'kuzula nthambo zonse kumbuyo kwa bokosi la kompyutalo. Nthambozo tinazisiya pomwepo, monga ankachitira mwini wake, poti amisiri ali ndi zawo. Bokosilo tinaliika m'chikwama chachikulu cha zovala, iye chogwirira ichi, ine icho, ndodo yanga kudzanja linalo.

Shopu ya amisiriwo ili kuseri kwa malo ometera, kachipinda kodzaza ndi mabokosi otumbulidwa. Iwowo ndi bambo wadazi, magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Atangoliona bokosi lathulo anaseka.

"Wodwala wanga uja wabweranso. Lero wabwera ndi agogo ake?"

"Agogo ake ndinu. Tsegulani tione."

"Mwini wake salola, mayi. Amati ndimubera zitsulo n'kumuikira zakutha. Ndimangoyatsa, imayenda tsiku lonse, n'kumubwezera."

"Mwini wakeyo ndinamubereka ndine. Tsegulani."

Anamasula masikuluwu anayi n'kuchotsa chivundikiro cham'mbali. Anawalitsamo tochi, n'kuimba kaluzu. Kenako anatenga kopanira n'kuyamba kusolola tsitsi pa fani yaikulu. Linali la meshi, lakuda ndi lofiirira, lopotana ndi fumbi ngati chingwe. Anasolola, kusolola, osatha.

"Iyi yalukidwa kale, yangotsala kupaka mafuta," anatero.

Mpongozi wanga sanaseke. Milomo yake inatuwa. Tsitsilo linali la ntchito yake, mphepo ndiyo inkalilowetsa m'nyumba kuchokera pakhonde, ndipo tonse awiri tinadziwa zimene zingachitike mwamuna wake atamva.

"Bambo, tsitsi limeneli simunalione," ndinatero.

Anayang'ana chotupa chija pachipumi, n'kuyang'ana ine. Kuseka kunatha.

"Ndaona fumbi basi," anatero. "Koma mayi, za m'bokosi ndichotsa. Zinazi ndilibe chitsulo chake."

"Chitani zanu."

Anapoperamo mphepo, anapukuta, anapaka mafuta otuwa ngati mankhwala otsukira mano pa kachitsulo kamene amati ndiko ubongo wake. Anandifotokozera kuti kameneko kakatentha kwambiri, kompyuta imadzizimitsa yokha kuti isapse. Kenako anaiika pashelefu, anailumikiza ndi nthambo zawo, n'kuipatsa ntchito yolemetsa mpaka mafani analira ngati basi pamtunda. Tinakhala pabenchi ola lathunthu tikuiyang'ana. Sinazime.

"Mwina kunali kutentha," anatero akubwezeretsa masikuluwu. "Ikazimanso, musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Chimodzi, muone. China, muone."

"Zimenezo ndinkaphunzitsa anthu inu mukadali ndi tsitsi."

Tinaibwezera pamalo pake mwana wanga asanadzuke. Kiyibodi ina anali atabwereka kwa mnzake. Tsikulo inayenda bwino, mawa lakenso chimodzimodzi. Anapambana masiku onse awiri, anapita kuntchito akuimba, mpaka anamugulira mkazi wake chipeso chatsopano. Ine ndinayamba kuyenda m'nyumbamo ngati dokotala wamkulu.

Tsiku lachitatu chichokereni kwa amisiri, cha m'ma 3 koloko masana, ndili kuchipinda kupaka bondo mankhwala, ndinamva kugunda pabalaza, kenako zii, kenako mpando ukugwa. Ndinatuluka n'kumupeza atagwada pansi pa tebulo, akusisita bokosi lija ndi chala. Linali lopukutidwa bwino, lopanda fumbi ngakhale pang'ono. Amisiri aja anakonda ntchito yawo mopitirira.

"Ndani wagwira?"

Sanadikire yankho. Mkazi wake anali pasinki akutsuka mbale. Anamugwira tsitsi la kunkhongo n'kumukoka chafutambuyo kuchokera kukhitchini mpaka pabalaza, mawondo akukhuta simenti, manja akadali ndi thovu la sopo. Anamukanikiza nkhope pabokosilo.

"Unaitani? Unathiramo chiyani?"

"Ndine," ndinatero. "Ndine ndinapita nayo kwa amisiri."

"Ndi bondo limenelo? Anakunyamulirani ndani?"

Anamumenya chibakera m'nthiti, kawiri, ndipo atagwa anamuponda pantchafu ndi nsapato ya kuntchito. Ndinakweza ndodo yanga n'kumukwapula nayo pamsana. Kachiwiri anaigwira m'mwamba, anandilanda, n'kuiponya panja kudzera pakhomo.

"Amayi, musandiyese," anatero, akupuma ngati wathamanga. "Mwabwera kudzachiritsa bondo. Chiritsani bondo."

Atapita kuntchito, dzuwa likadalipo, ndinamupeza mpongozi wanga kuchipinda akupinda zovala n'kumaika m'chikwama chija tinanyamulira bokosi. Ankapinda ndi dzanja limodzi, linalo litagwira nthiti.

"Ndikupita kwa achemwali anga, amayi."

Apa ndiye pamene ndinalakwa kwambiri, ndipo ndilemba monga ndinanenera.

"Dikira masiku awiri, mwanawe. Ndatsala pang'ono kulipeza vuto. Kutentha tachotsa, kwatsala magetsi. Ukachoka lero anena kuti wathawa chifukwa unaiwononga ndiwe. Uchoke dzina lako lili loyera."

"Dzina, amayi?"

"Masiku awiri okha. Ine ndilipo."

Kenako anatulutsa zovala zija chimodzichimodzi n'kuzibwezera m'kabati. Anandimvera chifukwa ndine wamkulu, ndiponso chifukwa ndimayankhula ngati munthu wodziwa zimene akuchita.

Mawa lake mwana wanga atadya ndinamuuza za kuyesa kwanga.

"Lero tizimitsa zonse. Firiji, ketulo, ayironi, ngakhale babu la kubafa. Ine ndi mkazi wako tikhala pasofa apa, manja pamwendo. Ikazima udziwe kuti si ife."

"Mwasanduka injiniya tsopano?"

"Ndinali injiniya iwe ukunyowetsa mphasa. Khala pansi usewere."

Anaseka pang'ono, monyoza, koma anakhala. Ndinazungulira nyumba yonse ndekha n'kuzula pulagi iliyonse. Kenako tinakhala pasofa kumbuyo kwake, ngati anthu odikira basi.

Kufakitale kuja, makina akamadula ulusi kwa munthu mmodzi yekha, makaniko n'kumanena kuti alibe vuto, ndinkatenga kampando n'kukhala kumbuyo kwa wosokayo. Singano sindinkaiyang'ana. Ndinkayang'ana mawondo ndi mapazi, chifukwa munthu sadziwa zimene miyendo yake imachita mutu ukatanganidwa. Tsikulo sindinachite kukonzekera, maso anga anangopita okha pansi pa tebulo.

Poyamba miyendo inali phee. Pasikirini kamunthu kake kankathamanga m'nyumba zogumuka, mfuti patsogolo. Patapita nthawi bondo lakumanja linayamba kunjenjemera. "Kumanzere, kumanzere, iwe wagona kodi," ankakalipira anzake. Sikirini inayamba kufiira m'mbali, kusonyeza kuti akumuwombera. Phazi linabwerera m'mbuyo pansi pa mpando, n'kutuluka ngati la bulu. Theche, pabokosi penipeni. Sikirini bii.

Iye sanadziwe n'komwe kuti wamenya. Anatembenuka maso ali psuu, n'kutipeza tonse awiri tili chikhalire, manja pamwendo. Anayang'ana kukhitchini, firiji ili chete. Panalibe woti amuloze chala.

"Ukuyang'ana chiyani?" anamufunsa mkazi wake.

"Palibe, bambo."

Anatola kapu yadothi patebulo n'kuiponya. Inasweka pakhoma pamwamba pa mutu wa mkaziyo, chidutswa china n'kumucheka khutu. Magazi anatsikira m'khosi mpaka pakolala. Mahedifoni anawapondaponda pansi. Kenako anavala jekete n'kupita kuntchito nthawi isanakwane.

Nditamanga khutu lija, ndinagwada ndekha, bondo likulira, n'kukwawira pansi pa tebulo ndi tochi. Bokosilo linali litakanikizana ndi khoma, ndipo pakhomapo pulasitala inali itakumbika kadzenje. Theche lililonse linkalikankhira kumbuyo, mutu wa nthambo ya magetsi n'kumagunda khoma. Mutuwo unali utapindika, wakuda m'mbali ngati wawauka, ukugwedera m'malo mwake ngati dzino la nkhalamba. Ndinayatsa kompyuta, mafani n'kuyamba kulira. Ndinakhudza nthambo ija ndi chala chimodzi. Zii. Ndinayesa katatu, katatu konse chimodzimodzi. Kwa amisiri sinkazima chifukwa nthambo yake inkatsala kunyumba, ndiponso pashelefu yawo palibe amene amamenyapo theche.

Ndinatuluka pansi pa tebulopo ndikuseka ndekha, fumbi lili m'mutu.

"Ndaipeza," ndinamuuza mpongozi wanga. "Ndi phazi lake."

M'mawa ndinapita kwa amisiri aja n'kubwerako ndi nthambo yatsopano. Ntchito yotsala inali ya mphindi ziwiri: kusintha nthambo, kukweza bokosi pamwamba pa tebulo, basi. Mpongozi wanga anandigwira mkono kukhitchini.

"Ingosinthani, amayi. Musamuuze."

"Ayenera kudziwa."

"Akadziwa ndiye zitani?"

"Agwade akupepese. Miyezi iwiri akukumenya chifukwa cha phazi lake."

"Amayi, inu mumamudziwa ngati mwana. Ine ndimamudziwa ngati mwamuna. Ingosinthani."

Sindinamumvere. Kufakitale ndinkati ndikapeza vuto ndinkamuitana wosokayo n'kumuonetsa, aone yekha ndi maso ake, ndipo ambiri ankaseka ndi manyazi n'kusintha. Ndinaganiza kuti mwana wanga ndi wosoka wina. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna aone kuti nkhalamba ya bondo lovuta yapeza chimene chinawakanika amisiri.

Masana amenewo, poti mahedifoni anali ataswa, ankayankhula ndi anzake pafoni, ataiyimika pafupi ndi sikirini, mawu akumveka chipinda chonse. Ndinaiona foniyo. Sindinaiganizire. Ndinadikira mpaka pamene zinkamuyendera bwino, miyendo ili phee, akuseka ndi anzakewo. Ndinayandikira ndi ndodo yanga n'kugogoda bokosi lija kamodzi, osati mwamphamvu. Sikirini bii.

"Mwatani?"

"Zimene umachita iwe tsiku ndi tsiku. Taona."

Ndinawerama, ndinakankha nthambo ija, ndinayatsa. Mafani atayamba kulira ndinagogodanso. Zii.

"Si mkazi wako, si ketulo, si chowumitsira tsitsi. Ukayamba kugonja umaimenya theche, nthambo kumbuyoku imagwedera. Umadzizimitsira wekha. Miyezi iwiri ukumenya mwana wa eni chifukwa cha phazi lako. Dzuka ukamupepese."

Foni ija inaphulika ndi kuseka. Amuna atatu, aliyense kwawo, kuseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, bwerezani, ena sanamve bwino," anatero wina.

"A Liwiro, kani mumadziwombera nokha?" anatero wachiwiri.

"Tibwere ndi chingwe tizimumanga miyendo, amayi?"

Za mwana wa eni zija anazimvanso, koma palibe mmodzi yemwe amene anafunsa.

Mwana wanga anaimirira pang'onopang'ono. Anakweza dzanja pa ine. Silinatsike. Mayi ake sakanawamenya, anthu akanamva bwanji. Anatembenuka kufunafuna, n'kumuona mkazi wake ataima pakhomo la kukhitchini, dzanja lamanja litagwira felemu.

"Wawatuma ndiwe."

Mkaziyo anabwerera m'mbuyo kuti alowe, koma anachedwa kuchotsa dzanja. Iye anafika, anagwira chitseko ndi manja onse awiri, n'kuchimenyetsa. Zala zinali pomwepo. Anachitsegula n'kumenyetsanso. Kachitatu anatsamira ndi phewa. Phokoso lake linali ngati munthu akuthyola tinkhuni touma. Mpongozi wanga sanakuwe poyamba, anangotsegula pakamwa, mawu n'kubwera pambuyo. Foni ija inali ikusekabe patebulo.

Ayironi inali pathabwa lake pafupi ndi zenera, yolemera, yachikale. Sindikumbukira kuti bondo linapweteka. Ndinainyamula ndi manja awiri n'kumumenya nayo mwana wanga pakati pa khosi ndi phewa. Anagwada. Atayesa kugwira felemu kuti adzuke ndinamumenyanso pambali pa mutu, khutu n'kung'ambika. Magazi anadontha pasimenti, ake ndi a mkazi wake malo amodzi.

"Amayi?" anatero, akundiyang'ana chokweza maso.

"Khala pomwepo. Ukadzuka ndikuswa mutu, ndipo sindilira."

Anakhala. Ndinatsegula chitseko chija. Dzanja la mpongozi wanga linali litatupa kale, zala zitatu zitaloza kumene zala siziloza, chikhadabo chimodzi chitatsala pafelemu. Ndinalikulunga m'thaulo la mbale. Aneba athu, bambo woyendetsa takisi, anali atafika pakhonde atamva kukuwa. Anaona ayironi m'manja mwanga, anaona mwana wanga pansi. Anangothamanga kukaliza galimoto.

Kuchipatala nesi anamasula thaulo lija, n'kutseka maso pang'ono, n'kutenga cholembera.

"Chachitika n'chiyani, mayi?"

"Chitseko," anatero mpongozi wanga, mano akugundana. "Kunali mphepo."

"Kunalibe mphepo," ndinatero. "Lembani kuti ndi mwamuna wake, wamumenyetsa chitseko katatu, dala. Muonenso nthiti, ntchafu, khutu ndi chipumi, zonsezo n'za mlungu uno. Ine ndinalipo."

"Inu ndinu mayi ake a wodwalayu?"

"Ndine mayi ake a mwamunayo. Akabwera ndi khutu long'ambika mudziwe kuti ndine, ndi ayironi. Lembaninso zimenezo."

Nesi uja anandiyang'ana, n'kulemba. Apolisi atabwera ndinanena zomwezo, ndipo kubwalo la milandu ndinabwerezanso, mwana wanga ali chapafupi pomwepo, mutu uli pansi. Anzake atatu aja anaitanidwa, onse anati foni sinkamveka bwino. Mwana wanga anakakhala kundende miyezi ingapo, ntchito inatha. Chitulukireni sanandiyankhulepo. Alongo anga amati ndinamuvula mwana pagulu, nkhani ya m'nyumba tikanakambirana pachibale. Ndinawauza kuti abwere ndi dzanja lawo tiyese pachitseko, kenako tikambirane.

Zala za mpongozi wanga zinathyoka zitatu. Chimodzi chinabwerera, ziwiri zinauma chopindika. Munthu amene ankaluka mutu wonse timizere tating'onoting'ono osayang'ana n'komwe, lero satha kugwira tsitsi zingwe zitatu. Amakhala kwa achemwali ake, amatsuka anthu m'mutu mu saluni ya munthu wina. Ndimapitako kamodzi pamwezi, bondo likalola. Amandilandira, amandipatsa mpando, amanditchulabe amayi. Tiyi amathira ndi dzanja lamanzere. Za masiku awiri ndinamupempha aja sanazitchulepo, inenso sindinapemphe kuti andikhululukire, chifukwa kupempha kumeneko kukanakhala kumusenzetsa ntchito ina.

Ndalemba izi chifukwa cha inu amene muli ndi mwana wamwamuna wa manja otere, ndipo mukudziwa kuti muli naye. Mukadzamva mbama, musadzafunse chimene chazima, chimene chapserera kapena chimene chasowa. Mkaziyo akadzati akupita, mudzamunyamulire chikwama n'kumuperekeza mpaka akafike, kenako mukanene kumene kuyenera kunenedwa, ngakhale dzina mukukanenalo ndi la mwana wanu. Ine ndinachedwa masiku asanu. Chonde, inu mudzachite tsiku lomwelo.